Thabwa la Mafunde ndi Katundu wa Mabuku

Mukayendetsa chikhatho pa thabwa la maple lopalidwa bwino, simumva kabampu n'kamodzi komwe kuchokera kunsonga ino kukafika kunsonga inayo. Koma mukabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuliyang'anitsitsa, diso limatsutsa zimene dzanja lanena. Likuona mizere yopingasa, ina yowala ina yoderapo, yokwera ndi yotsika, yondondozana mpaka thabwa lonse kutha. Mukapendeketsa mutu, mzere umene unali wowala umada, woderapo uja n'kuyamba kuwala.

Chimachititsa zimenezi ndi kayendedwe ka mitsempha ya mtengowo. Mu mtengo wamba mitsempha imayenda molunjika kuchokera kutsinde kupita kunsonga. Koma mwa mitengo yambirimbiri ya maple mumapezeka umodzi umene mitsempha yake inakula mokhotakhota, ikupita uku n'kubwerera uku. Sowo ikadula thabwa lafulati mu mtengo wotero, imadutsa pakati pa mafunde amenewa, ndiye pankhope ya thabwalo pamakhala malo amene mitsempha ikutulukira kunja ndi malo amene ikulowera m'kati. Malo awiriwa amabweza kuwala mosiyana. Amene anapalapo mbawa, n'kuona mizere yake yonyezimira yoyenda m'litali ndi momwe puleni imakanira mzere umodzi ikuvomera wina, akudziwa kale theka la nkhaniyi. Kusiyana kwake n'kwakuti mizere ya maple imayenda mopingasa, ndipo nthawi zina imathinana kwambiri moti pa kadanga ka chala chimodzi pamakwana iwiri kapena itatu.

Amisiri a ku America ndi ku Canada amasiyanitsa mitundu ingapo. Wa mizere yopingasayu amamutcha curly kapena tiger maple, ndipo amapezeka kwambiri mu red maple ndi sugar maple, mtengo uja amaukhetsa madzi otsekemera n'kuwaphika kukhala manyuchi. Pali bird's-eye, wa timaso ting'onoting'ono tomwazikana, amene amapezeka makamaka mu sugar maple wa kumpoto, monga ku Michigan, Maine ndi Ontario. Pali quilted, wa matuza akuluakulu ooneka ngati akufufuma, wochokera mu bigleaf maple wa ku Oregon, Washington ndi British Columbia. Kachekedwe nakonso kali ndi mbali yake. Mizere yopingasa imaoneka bwino chipika chikachekedwa molunjika pakati pa mtengo, pomwe timaso ndi matuza zimafuna kuchekedwa motsata khungwa.

Mitengo yotereyi ndi yosowa, choncho ndi yodula, ndipo pali anthu amene amaiba. Akuba amayenda m'nkhalango za boma la Washington ndi nkhwangwa, n'kumasenda khungwa pang'ono patsinde la bigleaf maple kuti aone ngati pansi pake pali mafunde. Mu 2018 moto unatentha maekala pafupifupi 3,300 m'nkhalango ya Olympic National Forest, ndipo oimira boma pamlandu ananena kuti unayamba pamene gulu la akuba linkatentha chisa cha tizilombo toluma chimene chinali patsinde la mtengo womwe linkafuna kugwetsa. Pamlandu wa mu 2021, akatswiri anayerekeza DNA ya matabwa ogulitsidwa ndi ya zitsa zotsala m'nkhalango, umboni umene unali usanaperekedwepo pamlandu wa upandu m'makhoti a boma lalikulu la America. Matabwa ambiri otere amathera kwa opanga magitala.

Si zachilendo. Kwa zaka mazana ambiri maple wa mafunde wakhala mtengo wa zinthu zimene munthu amazinyamula n'kuzitembenuza m'manja. Kumsana kwa mavayolini a Antonio Stradivari wa ku Cremona kuli maple. Mfuti zazitali za ku Pennsylvania za m'zaka za m'ma 1700 zinali ndi zogwirira za maple wa mizere. Magitala a Gibson Les Paul a pakati pa 1958 ndi 1960, amene lero mtengo wake umaposa wa nyumba zambiri, amadziwika ndi nkhope zawo za maple. Ku New Hampshire, John Dunlap, amene anamwalira mu 1792, ndi mng'ono wake Samuel ankapanga makabati ataliatali a madilowa ndi maple wa m'nkhalango za kwawo, ndipo ena mwa iwo amasungidwa ku Currier Museum of Art mumzinda wa Manchester. Chodabwitsa n'chakuti m'masiku amenewo maple anali mtengo wa anthu akumidzi, moti amisiri ambiri ankaupaka utoto wofiirira kuti ufanane ndi mahogany wa anthu olemera a ku Boston.

Vayolini, mfuti, gitala ndi nkhope ya dilowa zonsezi zimaonetsa thabwa poyera. Kabati ya mabuku ili ndi vuto lakelake, ndipo n'chifukwa chake ndimaiona kuti ndi mayeso okhwima kuposa zonsezi. Ntchito yake n'kusenza katundu, ndipo tsiku limene yayamba ntchitoyo mabuku amabisa mbali yaikulu ya matabwa ake.

Titenge khoma lotalika mamita 3.6 m'litali ndi mamita 2.6 kupita m'mwamba, m'nyumba yakale ya ku New England. Mmisiri aligawa zigawo zinayi za masentimita pafupifupi 85, chigawo chilichonse mashelefu 6. Onse pamodzi ndi mashelefu 24, amene mutawalumikiza angapitirire mamita 20. Mabuku ondandalikidwa bwino amalemera makilogalamu pafupifupi 30 pa mita iliyonse, ndipo mabuku akuluakulu a zithunzi amaposa pamenepo. Ndiye kuti kabatiyi idzasenza makilogalamu 600, usana ndi usiku, kwa zaka zimene mwini wake sadzaziona kutha.

Shelefu sithyoka kawirikawiri. Chimene imachita n'kuwerama pakati, ndipo kawerengedwe ka kuweramako n'kopanda chifundo. Mukatalikitsa shelefu kuchoka pa masentimita 80 kufika pa 120, kuwerama kwake sikungowonjezereka ndi theka, kumachuluka kasanu. Mukaitalikitsa kawiri, kumachuluka ka 16. Mwayi wake uli pa kunenepa kwa thabwa: kuchoka pa mamilimita 19 kufika pa 25 kumalimbitsa shelefu kuposa kawiri. Komanso thabwa likakhala ndi katundu kwa zaka limapitiriza kuwerama pang'onopang'ono, osabwereranso. Diso la munthu limagwira msanga kupindika kwa mamilimita ochepa chabe, makamaka pamene mashelefu anayi ali pamzere umodzi, ina ikuulula inzake.

Apa ndiye pamene kukongola ndi mphamvu zimasiyana njira. Thabwa limalimba chifukwa cha mitsempha yaitali yoyenda kuchokera kunsonga kukafika kunsonga. Mu thabwa la mafunde mitsemphayo yadukaduka, ikutuluka pankhope n'kulowanso. Thabwa lokongola kuposa onse pamulu ndilo losayenera kuposa onse kusenza mabuku. Mmisiri wodziwa amapanga mashelefu ake ndi sugar maple wamba, wa mitsempha yowongoka, wolimba moti amayalidwa pansi m'mabwalo a basketball. Kenako kutsogolo kwa shelefu iliyonse amamatako kathabwa ka mafunde ka masentimita 3 kapena 4, koimirira, kotsikira m'munsi pang'ono. Kathabwa kameneka kamagwira ntchito ziwiri. Ndi kokhako kamene kadzaoneke mabuku akadzadza, komanso chifukwa chakuti kaimirira chammbali kamathandiza shelefu kukana kuwerama.

Matabwa abwino kwambiri amapita kumene diso lidzafike: mizati yoimirira pakati pa zigawo, mbali ziwiri za kunja, zitseko za m'munsi, thabwa lopingasa limene limalekanitsa zitseko ndi mashelefu, ndi mkombero wa pamwamba. Ndaona zithunzi za makabati amene mwini ndalama analamula kuti paliponse pakhale mafunde, m'kati ndi kunja, kumbuyo ndi pansi pomwe. Zimatopetsa maso. Mabuku ali kale ndi mitundu yawo yambiri, ndipo ukawazinga ndi matabwa amene onse akufuula, palibe chimene chimamveka. Chitseko cha mafunde chimaoneka bwino chikakhala mu felemu ya thabwa lodekha. Kusankha kumeneku, kuti mafunde akhale apa koma apa ayi, ndi kumene kumasiyanitsa mmisiri ndi munthu amene wangogula matabwa odula.

Ntchito yeniyeni imayambira kwa wogulitsa matabwa. Mitengo iwiri ya maple sifanana mtundu kapena kuthinana kwa mizere, choncho pa kabati yaikulu mmisiri amafunafuna matabwa ochokera m'chipika chimodzi, osungidwa mwa ndondomeko imene anachekedwera. George Nakashima wa ku New Hope, Pennsylvania, ankasunga matabwa ake choncho, chipika chilichonse pachokha, ndipo ena ankakhala zaka zambiri asanawapezere ntchito. Pa maple amisiri amafuna mnofu woyera wa kunja, osati mtima wofiirira wa pakati, zosiyana ndi mitengo yambiri imene mtima ndiwo umakondedwa. Thabwa losapala silionetsa zonse zimene lili nazo, ndiye mmisiri amapala kadera kakang'ono kapena kupakapo sipiliti kuti mizere ituluke kwa kanthawi.

Akafika nawo kushopu amawaimika kukhoma onse, n'kumawayang'ana, kuwatembenuza, kuwasinthanitsa, choko chili m'manja. Mizati inayi kapena isanu ya kutsogolo iyenera kuoneka ngati ya banja limodzi. Mizere ya maple kawirikawiri imapendekera mbali imodzi, ndiye ayenera kusankha ngati yonse ipendekere kumodzi, kapena ya kumanzere ndi ya kumanja iyang'anizane pakati. Pa zitseko amang'amba thabwa lonenepa pakati n'kulitsegula ngati buku, kuti mbali ziwirizo zifanane. Koma njira imeneyi ili ndi msampha wake. Pamene mitsempha ikutuluka pa tsamba la kumanzere, pa la kumanja ikulowa, choncho kuwala kukachokera pawindo la mbali imodzi tsamba lina limaoneka loyera, linzake lodera. Mmisiri wosamala amafunsiratu kuti windo la chipindacho lili mbali iti.

Matabwa amafunika aume mpaka chinyezi chake chifike pa 6 mpaka 8 peresenti, chimene ndi choyenera m'nyumba zotenthetsedwa m'nyengo ya chisanu. Amawadula mokulirapo kaye, n'kuwasiya masiku angapo atawasanja ndi timitengo pakati, chifukwa thabwa la mafunde likang'ambidwa limakonda kupindika pamene mphamvu zomangika m'kati mwake zamasuka. Likakhazikika ndi pamene amalipala komaliza.

Kupala maple wa mafunde ndi pamene munthu amadziwikira. Lamulo loyamba limene wophunzira aliyense amauzidwa ndi lakuti pala motsata mitsempha. Pa thabwa ili lamuloli lilibe ntchito, chifukwa mitsempha imasintha njira pa sentimita iliyonse. Kulikonse kumene mungayambire, theka la ulendo mukutsata, theka mukulimbana nayo. Mpeni wa puleni ukalowa pansi pa mtsempha umene ukutsikira m'kati, umaukweza n'kuung'amba kutsogolo kwa mpeniwo, n'kusiya kadzenje. Makina opalira a mipeni yowongoka amatha kusiya thabwa lonse lili mabowomabowo, ndipo kadzenje kamodzi kakuya kamatanthauza kutsitsa nkhope yonse ya thabwalo mpaka kafafanizike.

Njira zothana ndi zimenezi zonse zimafuna chinthu chimodzi: kuthyola chopalidwacho chisanapeze mphamvu yong'amba. Puleni wamba imagoneka mpeni wake pa madigiri 45. Amisiri a ku England akale anali ndi mapuleni oimika mpeni pa madigiri 50, 55 ngakhale 60, opangidwira mitengo yovuta. Kukankha kwake n'kolemera, koma chopalidwa chimapindika msanga n'kuthyoka. Ena amasendeza kachitsulo kophimba mpeni wa puleni mpaka katatsala pang'ono kukhudza kukamwa kwake, mpata wosakwana theka la milimita, kuti chopalidwa chikangodzuka chigundane nako. Mpeni uyenera kukhala wakuthwa moti n'kumeta tsitsi la pamkono, ndipo maple amaubunthitsa msanga, ndiye ulendo wa kumwala wonolera suchedwa kubwerezedwa. Ena amanyowetsa nkhope ya thabwa ndi kansalu ka madzi asanalilowetse m'makina, kuti mitsempha ya pamwamba ifewe. Masiku ano mashopu ambiri ali ndi makina a timipeni tambirimbiri ta carbide tondandalikidwa mozungulira, timene timadula chammbali, ndipo achepetsa kwambiri misozi ya amisiri.

Pamene zonsezi zalephera pamabwera chipangizo chonyozeka kuposa zonse m'shopu, kachitsulo kafulati kopyapyala, kakakulu ngati chikhatho. Mmisiri amawongola m'mphepete mwake ndi fayilo ndi mwala, kenako amakanikizapo ndodo yachitsulo cholimba mpaka m'mphepetemo mutapindika kambedza kosaoneka ndi maso. Amakagwira ndi manja awiri, zala zazikulu zikukankha pakati kuti kakhote pang'ono, n'kumakayendetsa chopendekeka. Kakakonzedwa bwino kamatulutsa zopala zopyapyala zopiringizika. Kakayamba kutulutsa fumbi ndiye kuti kabuntha. Kamatentha mpaka kuwotcha zala. Ndipo pali chenjezo limodzi: mizere yofewa ndi yolimba sidyeka mofanana, choncho ukakayendetsa molunjika m'litali kamatsata mafunde, n'kusandutsa mabampu a m'maso aja kukhala enieni. N'chifukwa chake amakayendetsa mopingasa pang'ono, uku kenako uku.

James Krenov, amene anayambitsa sukulu ya ukalipentala ku Fort Bragg, California, mu 1981, ankakonda nkhope yosiyidwa ndi mpeni kuposa ya sandipepa. Pa maple wa mafunde ndikugwirizana naye. Mpeni umadula mtsempha n'kuusiya waukhondo, ndipo kuwala kumalowa n'kubwerera. Sandipepa imakanda. Komabe pa kabati ya mamita oposa 3 palibe manyazi kumalizira ndi sandipepa yosalala, bola madzenje achotsedwe kaye ndi chitsulo.

Kulumikiza kuli ndi nkhani imodzi yaikulu, yakuti thabwa silisiya kupuma. M'nyengo ya chisanu nyumba za ku New England zimauma chifukwa cha moto wotenthetsera, ndipo m'nyengo yotentha mpweya umadzaza chinyezi. Sugar maple amafufuma ndi kunyala kwambiri m'lifupi mwake, pomwe m'litali sasintha. Mbali ya kabati ya masentimita 30 ingasinthe ndi mamilimita 3 kapena 4 pachaka. Mashelefu okhazikika amalowetsedwa m'mbalizo ndi mitsempha yoyenda mogwirizana, kuti zonse zizifufuma ndi kunyala pamodzi. Cholumikizira chabwino apa ndi dovetail yotsetsereka: m'mbali mwa kabati amagoba kangalande kotakata m'kati koma kopapatiza pakamwa, nsonga ya shelefu n'kusemedwa mofanana nako. Shelefu ikalowa singasololoke chammbali, ndipo imakoka mbali ziwirizo kuti zisatukumuke. Odziwa amachepetsa kangalandeko pang'onong'ono chakutsogolo, kuti shelefu ilowe momasuka kuchokera kumbuyo n'kudzathina pa masentimita omalizira okha. Popanda zimenezo guluu amafufumitsa thabwa, shelefu n'kukakamira pakati pa njira, osapita osabwerera.

Kumbuyo kwa chigawo cha masentimita 85 kungasinthe ndi sentimita yathunthu, choncho sikungamatidwe ngati thabwa limodzi. Amayala timatabwa topapatiza tolowererana m'mphepete, kalikonse kokhomedwa pakati pokha, kapena amagwiritsa ntchito plywood yokutidwa ndi maple. Ena amainyoza plywood. Ine sindiona cholakwa, pakuti sifufuma, imalimbitsa kabati kuti isapendekeke, ndipo ili kuseri kwa mabuku. Zina ndi zazing'ono koma zopweteka: maple amapsa msanga sowo ikabuntha kapena dzanja likazengereza, n'kusiya chipsera chakuda chovuta kuchotsa, ndipo chomangira chilichonse chimafuna kubooleredwa kaye, apo ayi chimadukira m'kati.

Kupaka ndi pamene mafunde amadzuka kapena kufa. Utoto wamba wa matabwa, wa timibulu tokhala pamwamba, umachititsa maple kuoneka wamathothomathotho ndipo umaphimba kunyezimira. Opanga mfuti a ku Pennsylvania ankasungunula chitsulo mu asidi wa nitric, n'kupaka madziwo pathabwa. Thabwalo linkasanduka lotuwa mobiriwira, lonyansa ndithu, mpaka atayandikiza chitsulo chamoto, pamenepo n'kusanduka lofiirira, mizere yake itada bii. Amisiri a lero ambiri amagwiritsa ntchito utoto wosungunuka m'madzi, umene umalowa m'mitsempha. Malo amene mitsempha ikutulukira kunja amamwa kwambiri. Ukauma amapalanso pamwamba ndi sandipepa, utoto n'kuchoka pamalo olimba koma kutsala m'mizere yakuya. Kenako mafuta a linseed, kenako shellac, utomoni wa tizilombo ta ku India ndi ku Thailand wosungunulidwa mu sipiliti, wopakidwa mopyapyala kangapo. Nsanza za mafuta a linseed zikaunjikidwa pamodzi zimatha kuyaka zokha, ndipo zapserezapo mashopu, choncho amaziyanika panja imodziimodzi. Amene akufuna maple woyera amasiya utoto ndi mafuta, koma ayenera kuuzidwa kuti kuwala kwa dzuwa kudzamusandutsa wachikasu ndithu pakapita zaka.

Kabati yotereyi silowa pakhomo yathunthu. Imapangidwa m'zigawo, ndipo pali kasamu kamene kapusitsa amisiri ambiri. Chigawo chotalika masentimita 250 ndi chakuya masentimita 35 chimalowa m'chipinda chitagonekedwa, ndipo pochiimika chimazungulira pa ngodya yake, ndipo kuchoka pansi kutsogolo kukafika pamwamba kumbuyo ndi masentimita oposa 252. Ngati siling'i ili pa 251, sichidzaima. Choncho tsinde limapangidwa palokha, n'kuyalidwa poyamba ndi levulo ndi timphero pansi pake, chifukwa pansi pa nyumba yakale sipakhala pofanana. Zigawo zimakhala pamwamba pake, n'kumangiriridwa ku mitengo ya m'kati mwa khoma kuti mwana wokwera mashelefu asaigwetse. Mkombero wa pamwamba umadulidwira m'chipinda momwemo.

Chomalizira ndi mizati iwiri ya kumapeto, yogundana ndi makoma. Khoma silikhala lowongoka, ndiye mmisiri amasiyiratu masentimita 2 kapena 3 owonjezera pa mzati uliwonse. Amauimika pamalo pake, n'kuyendetsa kampasi m'khomamo, mwendo umodzi ukutsata mabampu a pulasitala, winawo ukujambula mzere pathabwa. Kenako amadula ndi kupala kufika pa mzerewo, akupendeketsa puleni chakumbuyo kuti nkhope yokha ndiyo ikhudze khoma. Apa akupala m'mphepete mwa maple wa mafunde wopakidwa kale, atagwada pansi m'nyumba ya mwini, popanda benchi. Mtsempha umodzi ukang'ambikira kunkhope, mzatiwo watha, ndipo thabwa la mtengo wina silingafanane ndi anzake atatu kapena anayi aja. Pachifukwa chimenechi mmisiri wochenjera, tsiku lija ankagawa matabwa ndi choko, anapatula limodzi la m'chipika chomwecho n'kulipaka pamodzi ndi anzake, ndipo patsiku lokhoma kabati limakwera nawo galimoto.